Momwe Ndinayesela Makina a pa Intaneti ndi Mtedza wa Abwana

Chinayamba ndi nkhuku. Ndikunenelatu zimenezi kuti mukafika pomwe ndagwada pa simenti ya mu ofesi, timakoko ta mtedza wa eni ake tili m'mano, musaganize kuti ndinadzuka ndi mtima wakuba. Ndinadzuka ndi mantha chabe, ndipo ine mantha akandigwila pakamwa sipakhala chete, pamafuna chotafuna.

Unali mwezi wa Ogasiti, chaka chija anthu ankanong'onezana kuti tikangolowa mu 2000 makompyuta onse adzafa. Ndinatsegula kachipinda komwe tinasanja matumba a chimanga, ndipo thadzi langa lamawanga linatuluka likuyenda ngati munthu wochokela ku kachasu, mwendo uku, mwendo uko, khosi lapindika, kenako khu! pansi. Kuseli kwa chitseko kunali anapiye ake awili, miyendo itauma kale. Zinalowela pa kampata ka pansi pa chitseko kukatola njele zogwa.

Dzulo lake amuna anga, atate ake Tiwonge, anathila mankhwala oyela ngati ufa m'matumba atatu mwa matumba athu asanu ndi atatu. Anawagula kwa munthu wina wa njinga kunja kwa msika, amene anawauza kuti anankafumbwe akangomva fungo lake amasamukila ku Malawi. Mankhwalawo anali mu pulasitiki wamba, ndipo mkati munali kachidutswa kong'ambika ka pepala kokhala ndi liwu limodzi lachingelezi, lalitali ngati msewu wa ku Chipata.

"Atate ake Tiwonge, tabwelani muone."

Anabwela ndi pampu m'manja (ntchito yawo ndi yokonza njinga pafupi ndi msika), nagwedeza thadzi lija ndi chala cha kuphazi.

"Chitopa ichi."

"Chitopa chosankha nkhuku zolowa m'chipinda chachimanga chokha? Zinzake si izo zikupalasa kudzala?"

"Udokotala wa nkhuku wauyamba liti? Ku giledi seveni komweko?" Anaseka. "Tamvela. Ukaweluka utape thini imodzi ya chimanga m'thumba lomwe ndathila, upite nayo ku chigayo. Ine ndibwela fotini, thu koloko masana, ndidzamalize matumba asanu otsalawo."

"Ana anga sadya chimanga chimenecho."

"Ana ako wekha? Ine ndine mlendo pano? Ngati mankhwalawo ndi oipa, bwela ndi pepala lonena choncho. Pepala ndilimvela. Pakamwa pako yayi."

Anakwela njinga, nkupita akuimba mluzu.

Muone mmene zinalili. Ufa wa m'nyumba unali utatsala wa nkhomalilo yokha. Matumba asanu ndi atatu aja ndiwo anali oti atifikitse ku zokolola zina. Ikakwana fotini popanda pepala, onse asanu ndi atatu akanakhala ngati atatu aja, ndipo ine ndikanasankha pakati pa kuwapatsa ana njala kapena kuwapatsa zomwe zinagwetsa thadzi. Ndinakhoma kachipindako, kiyi ndi kachidutswa ka pepala kaja ndinamanga pamfundo ya chitenje, Suzgo wa chaka chimodzi kumsana, Tiwonge wa zaka zinayi padzanja, liwilo la ku boma. Sindikanawasiya kwa aneba. Tsiku limenelo ngakhale mphepo ya pakhomo pathu ndinkaikayikila.

Nthawi imeneyo ndinali nditagwila miyezi iwili ntchito yosesa ndi kukolopa pa ofesi ya kabungwe kena kothandiza alimi. Maganizo anga anali oti ndikaonetse abwana kapepalako, popeza za mankhwala a m'munda ndiye ntchito yawo. Ndinapeza njinga yawo yamoto palibe. Munali Amai Zulu okha, a ku Chipata, amene ankataipa makalata.

"Mwawuka uli, amake Tiwonge?" (Chitumbuka chawo chonse chinkathela pamenepo.) "Lelo mwabwela ndi mudzi wonse?"

"Abwana ali kuti, amai?"

"Ku Chikomeni. Dzulo anangobwela kudzatula katundu nkubwelelanso. Mwina masana, mwina mawa. Mwatani? Mukupuma ngati mwathamangitsidwa ndi galu."

Ndinafotokoza zonse, nkhuku, matumba, fotini, mawu akupondana. Anatenga kapepalako, kukayang'ana chapafupi, kukayang'ana chapatali, kenako anatembenukila ku kompyuta.

"Tiyeni tifunse intaneti. Koma mudziwe, magetsi a kuno ikafika twelofu amapita kukadya nkhomalilo. Tili ndi maola awili, mwina osakwana."

Ndiulule. Ine kompyutayo ndinkaiopa. Ndinkaipukuta nditaima patali, dzanja lokha litatambasuka ngati ndikupatsa chakudya galu wolusa. Tsiku limenelo ndinakoka mpando nkukhala nayo maso ndi maso. Amai Zulu anailumikiza ku chingwe cha foni, ndipo kabokosi ka pambali kanayamba kulila ngati mphaka wopondedwa mchila, Suzgo nayenso kumsana nkuyankhila. Phokoso litatha analemba liwu lalitali lija, chilembo chimodzichimodzi, pa tsamba lina lomwe anati ndi makina ofufuzila. Tinadikila. Panatuluka mizele ya buluu, yambili, yondondozana mpaka pansi.

"Mzele uliwonse apa ndi linki," anatelo. "Ndi njila yopita ku tsamba lomwe likukamba za liwu lanu. Ukadina, umafika."

Anadina woyamba. Tinadikila, tinadikila. Panatuluka tsamba loyela la mawu ochepa.

"Likuti chani?"

"Likuti tsambalo silikupezeka."

Wachiwili, chimodzimodzi. Wachitatu, chimodzimodzi.

"Amai, taiwononga?"

"Iyayi. Makinawa ali ngati munthu wa pamsika amene umamufunsa kuti auje amakhala kuti. Iye amakulozela komwe anawaona kale. Ukafika upeza eni ake anasamuka, iye alibe nazo nkhani."

"Ndiye kuti akutilozela ku mabwinja."

"Ehe, mabwinja enieni."

Pomwepo makinawo ndinawapatsa dzina loti Mlamu, chifukwa ndili naye mlamu wina amene ananditumapo ku Chipata kukafuna azakhali pa nyumba yomwe anachokapo kalekale, ndinakapeza mbuzi zitagona pakhonde. Amai Zulu anaseka koma sanasiye kudina. Anati makina otele alipo enanso awili omwe amawadziwa, koma iwo anazolowela awa, ndipo mizele ilipo yambili, tingopitiliza mpaka tipeze. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Tsamba lililonse linkadya nthawi yokwanila kusenda chinangwa, ngakhale lija lobwela kudzatiuza kuti kulibe.

Apa ndi pomwe mwana wa mlimi anadzuka mwa ine. Kwathu ndi ku Chikomeni, ndipo kwathu sitidzala mtedza chifukwa choti thumba lake tinalizolowela. Mvula isanagwe timatapa njele khumi m'thumba lililonse, kuzikulunga m'chiguduli chonyowa, kuika pamthunzi, kumathilila. Pakapita masiku timafunyulula nkuwelenga. Thumba lomwe zamela zambili ndilo limapita kumunda. Lomwe zamela zitatu limapita mu mtondo, likakhale nsinjilo.

"Amai, tiwayese ngati mbewu. Makina alionse malinki khumi. Omwe atsegule ambili ndiwo tikakamile."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Amake Tiwonge, mwadya mmawa uno?"

"Sindinadye. Tiyeni tiyese."

Chinasowa ndi chowelengela, chifukwa mutu wanga tsiku limenelo sukanasunga nambala. Ndinaponya maso pa shelefu ya kuseli kwa Amai Zulu ndipo ndinaona timapepala takhaki titatu topinda ngati timatumba, todzaza mtedza woswa kale. Alimi ankakonda kuwapatsa abwana timphatso, nthochi, mazila, zotelo, ndiye ndinati nawonso ndi mphatso, ndibweleka chabe ndibwezela. (Pa kapepala kalikonse panali zolemba ndi pensulo. Ndinaziona. Sindinaziwelenge. Munthu amene anathamanga kuchoka kunyumba chifukwa cha pepala la pa mankhwala, sanawelenge pepala la pa mtedza.) Ndinatapa khumi m'koyamba, khumi m'kachiwili, khumi m'kachitatu, nkuunjika pa tebulo. Linki ikatsegula, njele ipite kudzanja lamanja. Likakhala bwinja, ipite kumanzele.

Mlamu anamaliza ndi njele zitatu kumanja, zisanu ndi ziwili kumanzele. Ndipo zitatu zomelazo zinali za nkhungu: tsamba lina linkagulitsa mapampu opopela, lina linali m'chilankhulo chomwe Amai Zulu anati sanachionepo, lachitatu linali mndandanda wa maina okhaokha.

"Nsinjilo," ndinatelo. "Bweletsani ena."

Makina achiwili anatuluka atadzikongoletsa, mitundu mbwee, zinthu zikuthwanima m'mbali ngati sitolo ya pa Khisimasi. Awa ndinawatcha Nyamaluwa. Ankachedwa kuposa Mlamu, chifukwa asanakuuze kanthu ankayamba avala kaye ndolo zonse. Ine maso pa galasi la kompyuta, maso pa wotchi, maso pa galasi. Leveni inadutsa. Masamba ena anatsegula ndithu, koma anali a anthu ophunzila, manambala ndi zojambula za timizele, palibe paliponse pamene panalembedwa chimanga kapena mwana.

Titadina wachikhumi ndinayang'ana pa tebulo kuti ndiwelenge. Kumanja kunalibe kanthu. Ngakhale zitatu za Mlamu zija kunalibe.

"Amai, mtedza uja wapita kuti?"

Amai Zulu anandiyang'ana pakamwa. Ndinasiya kutafuna.

Kenako anatembenuka, naona timapepala takhaki titayasamula pa shelefu, ndipo anagwila kumutu. "Mayi wanga ine! Mwatenga mmenemo? Imeneyo ndi mbewu! Ndi yomwe abwana anabwela nayo dzulo, yowelengawelenga, yoti akaiyese!"

Mbewu. Liwu limenelo linandilowa ngati madzi ozizila kumsana, chifukwa aliyense amadziwa kuti mbewu ya m'maofesi amaipaka mankhwala. Ndinayang'ana pansi. Tiwonge anali ataima pa ngodya ya tebulo, masaya ali tuu ngati nyani wa m'munda, kapepala kachiwili kali m'manja.

Zomwe ndinachita sindizinyadila. Ndinamasula Suzgo nkumukhazika pansi, ndinamugwila Tiwonge pachibwano, chala m'kamwa, ndikukuwa kuti lavula, lavula, Chiuta wane, lavula, mwana akulila, ine ndikulila, ndikulavulanso zanga m'dzanja, mlonda wa ofesi ya pafupi anafika pa windo kudzafunsa ngati kwagwa malilo. Ine amene ndinanyamula ana kuwathawitsa poizoni wa kunyumba, ndinali nditawabweletsa kudzadya wa ku ofesi, ndiponso ndine ndinayamba kulawa.

"Taimani! Taimani kaye!" Amai Zulu anandikoka dzanja. Anakhuthulila njele zingapo pa chikhatho chawo nkundionetsa. "Yopaka mankhwala imakhala yofiila ngati yaviikidwa mu utoto, imadetsa m'manja. Onani iyi. Yachokela m'nkhokwe za alimi dzulo lomweli, sinapakidwe kanthu. Mwana sanadye poizoni. Wadya ntchito ya abwana chabe."

Ndinanunkhiza. Ndinapaka pa chitenje. Ndinanunkhizanso. Unali mtedza wamba, wa kwathu. Ndinakhala pa mpando ngati thumba.

"Nanga kuwelenga kwanu kwathela m'mimba," anatelo akupukuta misozi ya kuseka.

Ndinayang'ana kumanzele. Mabwinja ndinali ndisanawakhudze, kaya chifukwa dzanja lamanzele ndi laulesi. Panali njele khumi ndi ziwili. Kuchotsapo zisanu ndi ziwili za Mlamu, zatsala zisanu. Khumi kuchotsa zisanu.

"Nyamaluwa wameletsa zisanu."

"Onani giledi seveni!" anatelo Amai Zulu.

Wotchi inali pa hafu leveni. Amai Zulu analemba liwu lija m'makina achitatu. Awa analibe chokongoletsa chilichonse, tsamba lotuwa ngati mwendo wa m'chilimwe, ndiye ndinawatcha Wosadzola. Mizele ya buluu itatuluka, anaimilila nkumugwila dzanja Tiwonge, amene anali akusisimabe.

"Ndikamusambitse kumaso ku mpopi. Mwaona mmene ndikuchitila. Gwilani kambewa aka, lozani mzele, dinani kamodzi. Mukafuna kubwelela, dinani apa."

Kwathu mbewa timaigwila ndi dzanja lolimba, ndiye kanthu kaja ndinakafinya mpaka kanalila. Ndinadina mzele woyamba. Sipanapite nthawi, panatulukila kabokosi kotuwa ka mawu achingelezi. Sindinawelenge, ndinadziwa kale nkhope ya bwinja. Njele kumanzele. Wachiwili, kabokosi. Wachitatu, kabokosi. Ndinafika pa khumi mofulumila kuposa makina ena onse, ndipo kumanja kunalibe ngakhale imodzi, ulendo uno osati chifukwa cha mano anga.

Amai Zulu pobwela anandipeza nditaimilila, ndikuilalatila kompyuta ngati mkazi wa pa mjigo. "Khumi! Khumi yonse yowola! Mlamu ndi bodza lake lija anayesako! Iwe ngakhale mu mtondo sungalowe, ndiwe wa kudzala!"

Anawelama nkuwelenga kabokosi kaja. "Apa sipakunena kuti tsamba kulibe. Pakunena kuti foni yaduka."

Tonse awili tinasuzumila pansi pa tebulo. Suzgo, amene ndinamuiwala pansi nthawi ya chipwilikiti ija, anali atakhala bwinobwino, chingwe cha foni atachizula kukhoma, akuchiyamwa kumapeto kwake ndi mtendele wonse. Anationetsa mano ake anayi.

Ndinamunyamula, kumuyang'ana m'kamwa, kumumanga kumsana ndi mfundo ziwili. Amai Zulu anapukuta chingwecho pa siketi nkuchibwezela. Inali itatsala mphindi makumi awili kuti ikwane twelofu.

"Nthawi yatha, amake Tiwonge. Tibwelele kwa Nyamaluwa, zisanu si zochepa. Tipitilize mizele yake yapansi."

Ndinatsala pang'ono kuvomela. Koma ndinakumbuka chaka china pamene ine ndi mkulu wanga tinaiwala kuthilila chiguduli, njele zonse khumi osamela, tinatsala pang'ono kusinja thumba labwino kwambili m'nyumba.

"Iyayi, amai. Chiguduli chinali chouma. Mbewu siinalakwe, talakwa ndife. Wosadzola timuyesenso."

"Magetsi akazima musandililile."

"Ndikalilila kunyumba. Dinani."

Mphaka uja analilanso. Ndinabweza njele khumi pakati pa tebulo, manja ndinawakhalila kuti asapite kukamwa. Mzele woyamba unatsegula. Wachiwili unatsegula. Wachitatu unatsegula, ngakhale unkakamba za nsikidzi. Wachinayi unayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokela pamwamba, mzele ndi mzele, ndipo chisanabwele chilembo chilichonse panaoneka kachithunzi kozungulila koyela, kenako mabowo awili akuda, kenako mano, kenako mafupa awili opingasa. Chigaza. Pamenepo sipanafunike giledi iliyonse.

Amai Zulu anawelenga akutsata ndi chala, akumasulila. Liwu lija linali dzina la mankhwala opopela tizilombo m'munda wa thonje ndi fodya. Osathila pa chakudya chosunga. Osayandikiza ana kapena ziweto. Chakudya chomwe chakhudzidwa nawo, osadya, ngakhale chitatsukidwa.

"Chitulutseni papepala! Amai, chonde, papepala!"

Pulinta inayamba kukuwa ngati macheka, pepala likutuluka pang'onopang'ono ngati likuchita manyazi. Ndipo ine, poti mayeso ukawayamba umayenela kuwamaliza, ndinagwilanso kambewa nkupitiliza kudina. Wachisanu unatsegula. Wachisanu ndi chimodzi, bwinja. Ena atatu otsatila, onse anatsegula. Zisanu ndi zitatu kumanja, imodzi kumanzele. Ndinatola njele yachikhumi, ndinaloza mzele wake, ndipo galasi linachita bii, pulinta nkusiya pakati pa nyimbo. Magetsi anapita kukadya.

Tinakoka pepalalo. Kumunsi linali losamaliza, koma chigaza chinalipo, liwu lalitali lija linalipo, mizele yoletsa inalipo. Amai Zulu anatsegula dilowa, natulutsa chidindo cha ofesi, nachipumila mpweya, dii! pakona.

"Amuna ndimawadziwa," anatelo. "Chigaza akhoza kutsutsa. Chidindo satsutsa."

Ndikumanga chitenje kuti ndithamange, panja panamveka njinga yamoto. Abwana analowa fumbi lili mpaka m'nsidze, napeleka moni, maso awo nkugwela pa shelefu, kenako pa tebulo, kenako pansi pomwe Tiwonge anakhuthulila kapepala kake.

"Skaŵa zane zili nkhu?" anafunsa mwa Chitumbuka, ndipo abwana akafunsa za mtedza wawo m'Chitumbuka ndiye kuti zafika pa mtima. "Masiku awili ndikuzungulila midzi itatu. Kapepala kalikonse njele handiledi, mtundu wakewake. Ndani wasakaniza?"

Apa ndi paja ndinakuuzani poyamba. Ndinagwada pa simenti yomwe ndinali ndisanaikolope, Suzgo kumsana, ndikuomba m'manja, ndikuyesa kuchotsa kakhoko pa dzino ndi lilime kuti asakaone.

"Ndine, abwana. Ndimawelengela mabwinja."

"Mabwinja?"

Amai Zulu anangowapatsa pepala lachigaza ndi kachidutswa kong'ambika kaja. Abwana anawelenga ili, anawelenga ako, nkhope inasintha.

"Wadyako ndani chimanga chimenechi?"

"Nkhuku zokha."

"Ana?"

"Iyayi. Kiyi ndili nayo pano."

Anatulutsa mpweya wautali. Anandiuza kuti matumba atatuwo ndisawaotche, ndisapatse nkhumba, ndisataye kumtsinje, koma ndikumbe dzenje lakuya kutali ndi chitsime ndikwilile pamodzi ndi nkhukuzo, ndipo mankhwala otsala ndibwele nawo ku ofesi osatsegula. Kenako anayang'ana milu yanga ya pa tebulo, nafunsa kuti imeneyi ndiye chani. Amai Zulu anafotokoza za Mlamu, za Nyamaluwa, za Wosadzola, za chiguduli chouma. Abwana anayesa kusunga nkhope yaukali koma pakamwa panawakanika.

"Ndiye kuti mbewu yomwe ndimafuna kuyesa ngati imamela, inu mwayesela kompyuta yanga ngati imamela."

"Ndisankhula, abwana, tsopano lino. Mitundu iyi ndimaidziwa."

Ndipo ndinasankhuladi, ndili chigwadile. Ya njele zikuluzikulu yotuwilako payokha, yaing'ono yofiilila payokha, yamizelemizele payokha, manja akuthamanga ngati pa lichelo la kwathu. Abwana anatola zingapo kuyang'anitsitsa, sanapeze yosokela ngakhale imodzi. Titawelenga, zinapelewela makumi awili ndi zinayi.

"Zotsalazo?"

"Zina zili mwa ine, zina mwa Tiwonge. Mukazifuna, abwana, mudikile mawa."

Amai Zulu anathawila panja ndi chiseko. Abwana anangoloza chitseko. "Thamangani, fotini yayandikila. Mukakolopa Lolemba."

Ndinafika kunyumba thukuta lili chuu, Tiwonge ndikumukoka ngati mbuzi yokana msika. Atate ake Tiwonge anali atabwela msanga. Poona kachipinda kokhoma, anazula loko ndi sipanala, ndipo ndinawapeza atamasula kale pakamwa pa thumba lachinayi, pulasitiki ya mankhwala ili pambali asanaimasule. Sindinapeleke moni. Ndinadutsa pansi pa mkono wawo, ndinakhala pa thumbalo ndi mwana kumsana, nkuwatambasulila pepala.

"Mwati mumvela pepala. Ili."

Analiyang'ana nthawi yaitali. Chingelezi chawo ndi changa n'zapachibale, ndiye ndikudziwa kuti sankawelenga.

"Chigaza aliyense angajambule," anatelo.

"Yang'anani pakona."

Anayang'ana. Anapendeketsa pepala kuti dzuwa liwale pa inki.

"Lili ndi chidindo."

"Lili ndi chidindo."

Anakanda kumutu, nayang'ana pulasitiki ija ngati aiona koyamba, nayang'ana Tiwonge amene anaima pakhomo chala chili m'kamwa. Kenako anati, motsitsa mawu, "Inenso munthu wa njinga uja maso ake sanandisangalatse." Ndinawasiya. Mwamuna akamatsika mumtengo sumugwedezela nthambi. Anapita okha kukabweleka wilibala ndi khasu.

Dzenjelo tinakumba awili kumapeto kwa munda, lofika m'chiuno. Matumba atatu, thukuta la miyezi yonse ija, thadzi langa ndi ana ake, zonse zinalowa mmenemo, ndipo pamwamba ndinaunjika miyala ndi minga kuti galu kapena mwana asafukule. Ndinalila pang'ono, sindibisa. Kachipindako ndinakakolopa katatu, madzi ake nkukataya m'dzenje lomwelo tisanalitseke. Matumba asanu abwino tinawasamutsila kuchipinda chogona, ndipo anankafumbwe ndinawaikila phulusa losefa monga timachitila kwathu.

Komabe mtima sunakhale pansi, chifukwa matumba asanuwo anagona usiku umodzi moyandikana ndi oipa aja. Tsiku limenelo ana anadya mbatata. Ine ndinatapa njele khumi m'thumba lililonse mwa asanuwo nkuzimwaza kuseli kwa nyumba, pamene pamadutsa tambala wa aneba athu, uja amene chaka chonse ankadya zanga osapempha. (Inde, ndikudziwa. Tsiku lomwelo ndinali nditagwada chifukwa choyesela zinthu pa katundu wa eni ake. Koma nkhuku zanga zinali zitachepa kale.) Anatola zonse makumi asanu, nayang'ana ngati pali zina. Ndinamulondola ndi maso mpaka dzuwa kupendeka, aneba akudabwa kuti tambala wawo ndamukondela chani. Mmawa mwake analila nthawi yake, mawu athunthu, ataima ndi miyendo yonse iwili pa mpanda. Ndipamene ndinasenza thini kupita ku chigayo.

Kuyambila pamenepo Amai Zulu anasamukila kwa Wosadzola, ndipo alendo a ku Chipata akafunsa chifukwa chake ankawauza kuti makinawo anayesedwa ndi katswili wa mbewu. Mlamu ankangomutsegula akafuna kuseka.

Masana a tsiku la chigayolo, ana atadya nkukhuta, ndinawakhazika pa mphasa nkuwawelenga monga ndimawelengela za m'chiguduli. Tiwonge. Suzgo. Awili mwa awili. Pomasula mfundo ya chitenje kuti nditulutse kiyi wa loko wothyoka uja, panagwa kanthu kakang'ono komwe ndinamangilamo osadziwa, nkugubuduka pa mphasa. Inali njele yachikhumi ija, yomwe magetsi anaidula isanadziwe mbali yake. Inali ya abwana, ndipo Lolemba silinali patali.

Ndinaitafuna.